Njala Nkhokwe Ili Yodzaza

Amalume anali ndi tepi yoyezera anthu, yachikasu, yomwe inkakhala m'khosi mwawo tsiku lonse ngati mkanda. Manambala ake oyambirira anali atafufutika ndi thukuta la zala, ndipo kachitsulo ka kumapeto kanali katachoka kalekale, iwo n'kumangapo ulusi wakuda. Ankasoka pakhonde la sitolo ina pa Namitambo, pakati pa bambo wokonza mawailesi ndi mayi wogulitsa zitumbuwa. Tepi imeneyo inayeza pafupifupi aliyense wa m'dera lathu: ana a sukulu, azimayi a kwaya, azibambo ofuna mikanjo yatsopano ya pa Idi. Onsewo ankayezedwa, n'kupita kwawo kukadya. Ine ndekha ndi amene ndinaimva tepi ija ngati chigamulo cha kukhoti.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Folomu 1. Chaka chimenecho thupi langa linangosintha osandifunsa. Siketi ya yunifolomu yomwe mu Januwale inkandizungulira, pofika Meyi inali itayamba kundiluma m'chiuno. Sindinkaona vuto. Mvula inali itagwa bwino, amayi anali atakolola chimanga chodzaza nkhokwe, nandolo anali atachita maluwa m'munda monse, ndipo ine ndinkadya monga amadyera mwana woyenda ulendo wautali kupita kusukulu.

Msuweni wanga, mwana wa azakhali, ankakwatiwa mu Ogasiti ndi mnyamata wina wa ku Limbe. Azakhali anasankha atsikana asanu ndi mmodzi operekeza mkwatibwi, ovina patsogolo pake polowa mu holo, ndipo ine ndinali mmodzi mwa iwo. Sindinagone tulo tabwino sabata yonse ndi chimwemwe. Nsalu anakagula okha m'tauni, yobiriwira, yonyezimira ngati nthenga za m'khosi mwa tambala. Loweruka lina tinapita tonse pakhonde paja kukayezedwa.

Anzanga asanu anayezedwa bwinobwino. Itafika nthawi yanga, amalume anandizunguliza tepi m'chiuno, n'kutchula nambala mokweza, monga ankachitira ndi aliyense, kuti asaiwale asanailembe. Nambala imeneyo ndimaikumbukira mpaka lero. Kenako anaseka.

"Iwe mwana wa achemwali, kwanuko mukudya chiyani? Mundiitaneko!"

Azakhali sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu ngati akuona mbuzi pamsika. "Ameneyu atithera nsalu. Atsikana a mkwatibwi amafunika kufanana, anthu a ku Limbe asakatiseke pa vidiyo. Sokani ofanana onse. Amene salowa aone chochita, miyezi ilipo iwiri."

Wogulitsa zitumbuwa uja anaseka, wokonza mawailesi anaseka, anzanga anaseka, inenso ndinaseka. Palibe anali ndi mtima woipa pakhonde paja, ndipo n'zimene zimandipsetsa mtima kwambiri ndikamakumbukira. Akanakhala adani ndikanadziwa potukwana. Koma anali abale anga, akungocheza, mawu n'kuwaiwala dzuwa lisanalowe. Ine ndinawanyamula n'kupita nawo kunyumba.

Pamjigo, azimayi anali atayamba kale zawo. Ndikamawerama kuti ndisenze ndowa ndinkamva kumbuyo kwanga: "Mtsikana akayamba kudzaza chonchi, pali chilipo." Sindinkadziwa bwino chomwe chinali kukhalapocho, koma ndinkadziwa kuti ndi chamanyazi, ndipo chili pathupi langa pomwe aliyense akuona.

Nzeru ndinaipeza kwa mnzanga wa m'kalasi amene ankabwera ndi foni ya achemwali ake mobisa. Pa nthawi yopuma tinkaunjikana kuseri kwa zimbudzi kuonera zithunzi za atsikana a kunja, mimba zawo zophwatalala ngati thabwa lochapira. Iye ndi amene anandiuza za madzi otentha a mandimu, ati amasungunula mafuta. Kumene anazimva iyenso sankadziwa. Lero ndikaona achinyamata akutumizirana pafoni za tiyi wochepetsa thupi, ndi malamba omanga pamimba, ndimafuna kulanda mafoniwo n'kuwaponya m'chitsime. Bodza lake ndi lomwe lija, angolisintha pepala lokulungira.

Kusiya kudya pakhomo la mlimi si ntchito yapafupi, koma ndinapeza njira. Phala la m'mawa ndinkalithawa ponena kuti ndachedwa. Mbatata yootcha yomwe amayi ankandiikira m'chikwama ndinkaigawira anzanga, mpaka anayamba kunditama kuti ndine wopatsa. Tikaweruka tinkapita kwa azakhali kukayeserera mavinidwe a ukwati, ndiye kwa azakhali ndinkanena kuti ndadya kunyumba, kunyumba n'kumanena kuti ndadya kwa azakhali. Makomo awiriwo sankafunsana. Chovuta chinali chakudya chamadzulo, poti tinkadyera mbale imodzi, amayi, ine ndi ang'ono anga awiri. Ndinkatema mbamu imodzi n'kumaiumba m'dzanja mpaka izizire, kwinaku ndikuyambitsa nkhani kuti anthu aziyang'ana pakamwa panga osati padzanja. Zotsala zinkapita kwa galu. Galu wathu ananenepa chaka chimenecho mpaka anthu anayamba kufunsa ngati tamugulira mankhwala.

Kenako kunabwera chiperoni. Amene anakulira ku Chiradzulu amakadziwa kamvula kowaza kaja, kosagwa koma kosaleka, phiri lonse litabisala mu nkhungu masiku atatu. Zaka zonse ndinkakapirira ndi juzi imodzi. Chaka chimenecho ndinkavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba, komabe mano ankangogundana. Zala zinkachita dzanzi moti cholembera chinkandipulumuka. Benchi ya m'kalasi inayamba kundipweteka mafupa. Ndikadzuka mofulumira maso ankachita mdima, tinyenyezi n'kumayandama, ine n'kugwira khoma kudikira kuti dziko libwerere. M'kamwa munkanunkha mandimu ndi chinthu china chowawasa, ndipo fungo la mtedza wokazinga lochokera pakhomo la eni ake linkanditsata njira yonse ngati munthu.

Teremu imeneyo aphunzitsi ankatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Anajambula pabolodi mbale yogawidwa bwino: zokhutitsa, nyemba, zanyama, masamba, zipatso, mafuta. Pamayeso ndinakhoza zonse, ndipo anandiimiritsa kutsogolo kuti anzanga andiombere m'manja. Ndinaima pamenepo m'mimba muli madzi okhaokha kuyambira dzulo lake. Aphunzitsi atandiyang'anitsitsa anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati malungo. Kwathu kuno ukangoti malungo, mafunso onse amatha.

Patapita mwezi tinapita kukayesa madiresi. Langa linalowa. Zipi inakwera yokha mpaka pamwamba, ndipo azakhali anaomba m'manja. "Mwaona? Wayamba kuoneka ngati mtsikana wa m'tauni tsopano."

Apa ndi pomwe munthu wanzeru akanasiyira. Diresi lalowa, nkhani yatha, pita ukadye futali. Ndayesa kwa zaka zambiri kufotokozera anthu chifukwa chake sindinasiye, ndipo ambiri samva. Pofika nthawi imeneyo sizinalinso za diresi. Njala inali itasanduka chinthu changachanga. Pakhomo pathu zonse zinali za wina: nthawi yanga inali ya amayi, ya mjigo, ya kumunda, ya sukulu. Koma pakamwa panga ndinkalamula ndine. Tsiku lililonse lomwe ndafika madzulo osadya ndinkadzimva kuti ndapambana mayeso omwe anzanga sangawathe. Ndikadya ngakhale kachidutswa ka chinangwa, mumtima munkabwera mawu onditukwana kuposa azakhali. Pagalasi losweka la amayi ndinkaonabe mtsikana uja wothera anthu nsalu, chonsecho mafupa a m'khosi atatuluka moti mukanatha kuthiramo madzi.

Pamjigo nyimbo inasintha. Azimayi omwe aja, pamalo omwe aja, tsopano ankanong'onezana kuti, "Kuonda kumeneku si kwabwino. Ndi matenda aja." Mayi wina anakana kuti ndimwere kapu yake. Ndili wonenepa ndinali ndi mimba, nditaonda ndinali ndi kachilombo. Ndimafunsabe kuti kodi mtsikana wa kumudzi azilemera bwanji kuti anthu amusiye atunge madzi mwamtendere.

Woyamba kuchita mantha anali amalume. Nditapita kukayesa diresi komaliza, linkangolendewera ngati laikidwa pa mtengo. Anatenga tepi, anandiyeza, anayang'ana nambala, koma ulendo uno sanaitchule. Anabwerezanso kuyeza. Tsiku lomwelo dzuwa likupendeka anafika pakhomo pathu pa njinga, tepi ikadali m'khosi, n'kuitanira amayi kuseri kwa nkhokwe. Ndinangomva mawu amodzi: "Achemwali, mwanayu mukumuona koma?"

Amayi ankandiona. Anali atazindikira kale chinthu china chimene ine ndinkaganiza kuti palibe akudziwa: kwa miyezi iwiri sindinapite kumwezi. Kwa mayi wa mtsikana, zimenezo zili ndi tanthauzo limodzi lokha. Masiku atatu otsatira funso linali limodzi, pophika, posesa, popita kumunda. "Ndani? Ndiuze dzina lake." Ndinkalumbira kuti palibe, iwo n'kumati ndauma mutu ngati bambo anga, omwe anali ku Joni nthawi imeneyo ndipo sankatha kudziyankhira. Ndikanangonena zoona tsiku loyamba. Koma ndinkaona kuti bola andiganizire za mimba kusiyana n'kuti andikakamize kudya. Mutu wa munthu wanjala umaganiza choncho.

Kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike, tinali kuyeserera pansi pa mtengo wa mango kwa azakhali. Sipika inkalira, fumbi likukwera, ana a m'mudzi atatizungulira. Panali pena pomwe tinkayenera kuzungulira kawiri n'kugwada. Ndinazungulira kamodzi. Ndimakumbukira masamba a mango akutembenuka, kenako kukoma kwa dothi ndi magazi m'kamwa, ndi mawu a msuweni wanga akukuwa dzina langa chapatali ngati ali tsidya la mtsinje.

Anandikweza pa njinga ya amalume, amayi akuthamanga pambali atandigwira msana kuti ndisagwe. Kuchipatala anandiyeza malungo, sanawapeze. Anandiyeza mimba, amayi ataima pakhomo manja ali m'chiuno, sanaipeze. Anandiyeza magazi a matenda aja, sanapeze kanthu. Namwino wake anali mayi wamkulu ndithu, wolankhula pang'onopang'ono. Anandikoka chikope cha m'munsi, anandigwira dzanja nthawi yaitali akumvetsera kugunda kwa mtima, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Mayi, musakhumudwe. Kunyumba chakudya chilipo?"

Sindinawaonepo amayi atanyozeka ngati tsiku limenelo. Anatchula zonse zomwe anakolola, chimanga, nandolo, mbatata, mtedza, ngati akudziteteza pamlandu. Namwino anawapempha kuti atuluke pang'ono. Titatsala awiri sanandikalipire. Anangondifunsa kuti ndinadya liti komaliza chakudya chenicheni, ndipo nditalephera kukumbukira, ndinayamba kulira n'kunena zonse: tepi, mandimu, makomo awiri, galu.

Anawaitananso amayi n'kuwauza kuti zimenezi ndi matenda, osati mwano, ndipo amagwira atsikana ngakhale anyamata a msinkhu wanga. Anati thupi likasowa chakudya limayamba kutseka zina ndi zina, n'chifukwa chake kumwezi kunasiya, ndipo likapitirira limafooketsa ndi mtima womwe. Dzina la matendawo analitchula m'Chingerezi chifukwa m'Chinyanja chathu mulibe. Amayi anangoti kukamwa yasa.

"Matenda okana kudya? Chakudya chilipo, iye n'kumakana?"

Kunyumba aliyense anali ndi nzeru zake. Azakhali anati ndalodzedwa ndi anthu a nsanje ofuna kuwononga ukwati wa mwana wawo, ndipo mawu awo a pakhonde paja sanawakumbukire n'komwe. Wina anati andipititse kwa asing'anga, wina anati kumapemphero, wina anati mwana wotere amangofunika chikoti. Palibe ananena kuti mwina tisiye kukamba za matupi a ana ngati tikukamba za nkhumba zoweta. Amayi anamvetsera onsewo, kenako anagamula chinthu chimodzi: sindivina pa ukwati. Ndinalira, ndinagubuduka pansi, ndinawauza kuti amadana nane. Sanasunthike.

Tsiku la ukwati ndinakhala pabenchi ya kumbuyo pambali pawo, ndili ndi mbale ya mpunga pamiyendo yomwe sindinaloledwe kuisiya pansi. Nyimbo itayamba, atsikana analowa akuvina, ndipo pamalo panga panali mwana wa a neba a azakhali. Mtsikana ameneyo anali wonenepa kuposa mmene ine ndinalili tsiku loyezedwa lija. Anali atavala diresi langa. Linamukhala bwino, ankavina mosangalala, anthu a ku Limbe ankamufupa, ndipo palibe anaseka.

Nditawapeza amalume panja ndinawafunsa kuti zatheka bwanji. Anandiyang'ana modabwa.

"Telala aliyense amasiya nsalu m'kati mwa msoko. Ndangosomola n'kusokanso. Ntchito ya mphindi khumi."

Mphindi khumi! Miyezi iwiri ya chizungulire, tsitsi lothothoka, mano ogundana, dzina loipa pamjigo, chonsecho nsalu inalipo m'kati mwa diresi kuyambira tsiku loyamba. Sanandiuze chifukwa sindinafunse, ndipo sindinafunse chifukwa sindinkadziwa kuti chovala ndi chimene chimasinthidwa kuti chikwane munthu. Kenako amalume anati, "Ndinkangoseka ine tsiku lija." Ndikudziwa kuti ankanena zoona. Kuyambira pamenepo anasiya kutchula manambala a anthu mokweza.

Kuchira sikunabwere ndi ukwati. Kunatenga miyezi, ndipo kunali konyansa. Namwino anali atauza amayi kuti ayambe pang'onopang'ono, azindipatsa tochepa koma pafupipafupi, ndiponso tizibwerera kuchipatala kukakwera sikelo. Amayi anasiya ntchito zina za kumunda n'kumakhala nane pamkeka, kapu ya phala la nsinjiro ili pakati pathu. Galu anamumangirira kutali. Tsiku lina ndinataya phala dala, iwo anadzuka n'kukaphika lina. Tsiku lina analephera kupirira, anandikalipira mpaka mawu anasasa, kenako anapita kuseri kwa nyumba, ndipo atabwerako maso anali ofiira. Sanamvetse matendawo, ndipo sindikhulupirira kuti anawamvetsa mpaka lero. Anangokana kuchoka pamkeka paja. Mvula yoyamba itagwa ndinali nditayamba kumaliza mbale, ngakhale mawu onditukwana aja anabwereranso ndili Folomu 3, ndipo nthawi zina amagogodabe. N'chifukwa chake munthu akandipatsa moni woti "mwanenepatu" kapena "mwaondatu", ndimamuyankha mouma mpaka amadabwa kuti walakwa chiyani.

Pa miyezi yonse ija panali chinthu chimodzi chimene chinkandinyansa kuposa phala. M'mawa uliwonse ndisanadzuke, amayi ankabwera n'kukhala kumiyendo kwanga, kuvundukula bulangete, n'kudina chala chawo chachikulu pamwamba pa phazi langa. Ankadina mwamphamvu, kuchotsa chala, n'kuyang'anitsitsa pomwe adinapo. Kenako phazi linalo. Akatero ankapuma mozama, kundifunditsanso, n'kutuluka. Ndinkawakankha ndi mwendo. "Mayi, ndisiyeni!" Mawa lake ankabweranso.

Ndinadzamva tanthauzo lake ndili wamkulu, kwa amalume. Ndinkadziwa kuti pambuyo panga panabadwa mwana wamwamuna amene anamwalira ali wamng'ono, koma pakhomo pathu sankamutchula. Anamwalira chaka cha njala, ine ndili ndi zaka zitatu, nthawi yomwe anthu ankadya zikhawo za nthochi. Amayi ankadzimana kuti ife awiri tidye, koma sizinakwane. Asanamwalire mapazi ake anatupa, ndipo kuchipatala anawaonetsa amayi mmene amayezera: ukadina chala n'kuchotsa, pakatsala dzenje, ndiye kuti njala yafika poipa. Kwa iye dzenje linatsala.

Ine zonsezo sindinkazidziwa. Ndinkangoona mayi wovuta amene akundidzutsa kuzizira ndi chala chake chokhakhala. Ndinkagona chafufumimba, nkhope ili kukhoma, nditatupa ndi mkwiyo, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti akufuna aone ngati ndayamba kunenepa.